Ng'ombe Ziwiri za Boone

Tayala lakumbuyo la njinga ya Lorna Hruska linaphwa atangodutsa chipilala cha mailosi 46. Silinaphulike ayi, linangotha mpweya pang'onopang'ono mpaka chitsulo chinayamba kugunda miyala. Lorna anatsika n'kupeza minga itatu italowa ndithu. Pampu ndi zigamba zinali m'chikwama cha mchimwene wake Emmett, ndipo Emmettyo anali kadontho chabe kutsogolo uko, kumene njira yoyera imakakumana ndi thambo.

"Emmett!" anakuwa. Mphepo inatenga mawuwo n'kukawataya m'udzu.

Anatulutsa foni. Netiweki panalibe, monga zinalili chichokereni m'mawa. Dzuwa la mwezi wa Julaye linali pafupi kufika paliwombo, ndipo mtengo womaliza anali ataudutsa kalekale. Kumanja kunali udzu, kumanzere udzu, ndi waya waminga mbali zonse ziwiri. M'njirayi kale munkadutsa sitima. Atazula njanji anathiramo miyala yoswaswa yoyera, moti inali yowongoka ngati chingwe, yopanda chitunda, yopandanso mthunzi.

Posakhalitsa kunaoneka kafumbi kakubwera. Anali Boone, galu wawo wotuwa wamathothomathotho, lilime lili panja. Anazungulira njinga kamodzi, kenako n'kumugunda Lorna ndi mphuno kuseri kwa bondo, monga ankachitira ndi ana a ng'ombe otsalira m'mbuyo. Anayang'ana kumene kunali Emmett, n'kuyang'ananso Lorna.

"Ndamva, bwana," anatero Lorna. "Koma ndiyenda bwanji? Kamuuzeni mnzanuyo abwerere ndi pampu."

Boone ananyambita madzi pang'ono m'dzanja la mtsikanayo, kenako uyo, waliyatsa liwiro kubwerera komwe anachokera.

Ng'ombe za banja la a Hruska zinagulitsidwa mu Epulo. Famu inatsatira mu Meyi. Ukwati wa makolo awo unatha mwakachetechete mu Juni, ngati kuti nawonso unali pa mndandanda wa zogulitsa. Bambo anapeza ntchito yoweta ng'ombe za eni m'chigawo cha Wyoming, ndipo Emmett, wazaka 17, ankapita nawo kumeneko. Mayi anapeza kanyumba ka m'mwamba mumzinda wa Omaha, ndipo Lorna, wazaka 15, ankapita ndi iwo. Katundu anagawana bwinobwino: mbale zisanu ndi imodzi uku, zisanu ndi imodzi uko, mwana mmodzi uku, mwana mmodzi uko. Chinavuta ndi galu, poti anali mmodzi.

"Mugwirizane nokha," anatero bambo. Mayi nawo anatero. Imeneyi inali nkhani yokhayo imene makolowo anagwirizana chaka chimenecho.

Nzeru anabwera nayo ndi Emmett. Anati galu asankhe yekha. Awiriwo apalase njinga njira yonse ya njanji, mailosi 120, masiku atatu. Asamayende limodzi, kuopa kukangana kuti galu ali ndi yani. Aliyense akamadutsa chipilala cha mailosi Boone ali pambali pake, ajambule pafoni, ndipo chithunzi chimodzi chikhale chigoli chimodzi. Kumuitana kunali koletsedwa. Kumunyengerera ndi nyama kunali koletsedwa. Womumanga chingwe waluza pomwepo. Makolo anauzidwa za ulendo, koma za malamulowa ayi. Lorna anavomera chifukwa ankaoneka achilungamo. Analidi achilungamo, kwa awiri mwa atatu amene anali pa ulendowo.

Tsiku loyamba anapalasa mailosi makumi anayi. Lorna anapeza zigoli 13, Emmett 11. Zipilala zina zonse anazidutsa galu ali pakati pawo, akuthamanga, ndipo zimenezo panalibe woziwerengera.

"Ku Omaha galu ngati uyu azikatani?" Emmett anali atafunsa m'mawa wa tsiku lachiwirili, akupinda tenti. "Azikaweta mabasi?"

"Nanga kwanuko? Ukakayamba zibwenzi ndi atsikana a zipewa zikuluzikulu, adzamudyetsa ndani?"

"Kumeneko ali ndi ntchito, iwe. Ng'ombe mazana anayi."

"Kuno ali ndi ine. Khumi ndi zitatu kwa khumi ndi chimodzi, achimwene. Kapena masamu akuvutani?"

Emmett anakwera njinga, ndipo kuyambira pamenepo ankapalasa ngati kuti wina akumuthamangitsa.

Tsopano Lorna anayamba kukankha njinga yake wapansi. Miyala inkawala moti maso ankapweteka, ndipo kutentha kunkalowa kudzera m'nsapato. Atatsala mapazi khumi kuti afike pa chipilala cha 47, anaima. M'malamulo munalibe mawu oletsa kupuma. Anakhala pa chikwama chake n'kudikira. Patapita mphindi makumi awiri Boone anatulukira, ndipo Lorna anadzuka, anayenda mapazi khumi aja, n'kujambula.

"Wanzeru safa ndi njala," anatero, akudziseka yekha.

Pa chipilala cha 48 anachitanso chimodzimodzi, koma ulendo uno anadikira pafupifupi ola. Anadya theka la buledi wa chiponde amene anali atasungunuka m'pepala. Anamutukwana Emmett mumtima, pakuti zinali zoonekeratu kuti mnyamatayo sankacheuka n'komwe. Pamene Boone ankafika, sanali kuthamanga. Ankangoti tsimphi tsimphi, mutu uli pansi, nthiti zikukwera ndi kutsika ngati mvukuto. Lorna anakweza foni n'kujambula. Atayang'ana chithunzicho kuti aone ngati nambala ya chipilala yatuluka bwino, anaona timadontho tofiira pa miyala yoyera kumbuyo kwa galuyo, tili pa mzere, awiri awiri.

Anagwada n'kukweza phazi lakutsogolo la Boone. Chikopa chakuda cha kuphazi chinali chitasupuka, chikulendewera ngati khungwa, ndipo mkati munali psuu. Phazi linalo linalinso chimodzimodzi. Boone sanalire. Anangomunyambita padzanja, kenako n'kutembenukira kutsogolo.

Lorna anamugwira lamba wa m'khosi. Chingwe chinali m'thumba la pambali la chikwama, pafupi kwambiri moti akanachitenga osadzuka n'komwe. Anaganiza za kanyumba ka ku Omaha, kamene anakaonako kamodzi: zipinda ziwiri, zenera loyang'anizana ndi khoma la nyumba ina, mayi akuweruka madzulo atatopa, sukulu ya ana zikwi ziwiri yopanda ndi mmodzi yemwe womudziwa. Boone anakoka, akudandaula chapansipansi, maso ali kumene kunali Emmett.

Apa ndi pamene nzeru ina inamufikira, yoyera bwino ngati yankho la samu. Akamusiya, galuyu akafika kwa Emmett. Emmett akaona magazi. Emmett ndi wamkulu, ndiye wodziwa za ziweto, sangalole kuti galu apitirire chonchi. Akamumanga. Akangomumanga, waluza.

"Kamodzi kokha aka," anamunong'oneza Boone. Anamupatsa madzi ena m'dzanja, kenako anatsegula zala.

Galuyo anapita. Lorna sanayang'ane pansi pamene ankakankha njinga, kuopa kuona zimene ankaponda.

Pa chipilala cha 49 anadikira mpaka msana unayamba kuwawa ndi dzuwa, koma kafumbi sikanaoneke. Anadziuza kuti nzeru yake yatheka, Boone ali pachingwe, mumthunzi wa njinga ya Emmett, akumwa madzi. Anayesa kusangalala koma analephera. Anapitiriza ulendo. Atatsala pang'ono kufika pa 50, anaona njinga ikubwera, wokwerayo ataimirira pa mapedulo.

"Wamumanga eti!" Emmett anayamba kukuwa ali patali, mano onse ali pamtunda. "Ndinadziwa ine! Waluza, chemwali! Moni kwa mabasi a ku Omaha!"

Anaima ndi mabuleki moti miyala inauluka. Anayang'ana kuseri kwa Lorna, kuseri kwa njinga, m'mbali mwa njira. Kumwetulira kunatha.

"Ali kuti?"

"Ali ndi iwe."

"Usandiseweretse, Lorna."

"Ndikuseweretse ine? Anachoka kwa ine pa 48, akubwera kwa iwe!"

"Anafika. Pa 53. Kenako anabwerera." Emmett analoza kumene anachokera. "Ndamudikira pa 54 ola lathunthu."

Onse awiri anayang'ana njira. Inali yowongoka, yoyera, yopanda kanthu. Emmett anali atangoidutsa yonse ndipo sanakumane ndi galu aliyense.

"Boone!" anakuwa Emmett. Linali lamulo loyamba kuswedwa, ndipo panalibe anadandaula. "Boone! Bwera kuno, mnyamata!"

Anagwetsa njinga zonse ziwiri m'udzu n'kuyamba kuyenda, wina mbali iyi, wina mbali iyo, maso ali pansi. Mizere yofiira inalipo yambiri, ina yopita, ina yobwerera, ina youma kale n'kuda, ina yatsopano. Panali pamene inadutsana katatu. Lorna anayesa kuiwerenga koma analeka. Atadutsa chipilala cha 51 anafika pa kamlatho ka matabwa, pamwamba pa khwawa louma, ndipo pamenepo mzere umodzi unapatuka n'kutsikira pansi.

Boone anali atagona cham'mbali pansi pa kamlathoko, pa mchenga. Anali atayesa kukumba kuti apeze pozizira, koma anangopalasa pang'ono. Lilime linali lofiirira moderako, malovu akumata ngati ulimbo, maso akuyang'ana kopanda kanthu. Atamva mapazi awo anayesa kudzutsa mutu. Anaona Lorna, anaona Emmett, ndipo nsonga ya mchira wake inagunda mchenga kawiri.

"Madzi! Bweretsa madzi!" anatero Emmett.

Mu botolo la Lorna munatsala madzi ongofika zala zitatu. La Emmett linali ndi theka. Anamuthira m'khwapa ndi pamimba, n'kumudonthezera pang'ono pakamwa, koma galuyo analephera kumeza. Thupi lake linali lotentha ngati chitsulo chosiyidwa padzuwa. Emmett anakwera pa mlatho, anakweza foni m'mwamba, anazungulira uku ndi uku, koma netiweki panalibe, ndipo anatsika.

"Tauni ili pa 63," anatero Lorna.

"Safika."

"Usanene choncho!"

"Ndinene bwanji? Mailosi khumi ndi awiri, iwe ndi njinga yako yakufayo!"

"Yakufa chifukwa unathawa ndi pampu! Ukanacheuka kamodzi kokha!"

"Malamulo ankati tisayende limodzi!"

"Malamulo a ndani? Anakulembera ndi Mulungu?"

Boone anabuula. Emmett anapukuta nkhope ndi malaya. Anati pobwera anaona mpope wokoka madzi ndi mphepo chakumanzere, kupitirira chipilala cha 52, ndipo pamene pali mpope pamakhala thanki yomwera ng'ombe. Anathamanga kubwerera kumene anasiya njinga, nabwera ndi nsalu ya tenti. Anamugoneka galuyo pakati, Emmett anagwira nsonga ziwiri zakutsogolo, Lorna zakumbuyo, n'kunyamuka.

Galu wa makilogalamu makumi awiri salemera ukamasewera naye pakhonde. Atayenda theka la mailo, zala za Lorna zinachita dzanzi. Nsalu inkaterera, iye n'kuikulunga m'manja mpaka inayamba kucheka. Mutu wa Boone unkagwedezeka pa sitepe iliyonse. Nthawi ndi nthawi Lorna ankayang'ana nthiti kuti aone ngati zikuyendabe. Ziwala zinkauluka patsogolo pawo. Kupatula izo, dziko lonse linali zii.

"Ndinaona magazi," anatero Lorna, akulankhula ndi msana wa mchimwene wake. "Pa 48. Ndinamugwira lamba. Chingwe chinali pompo."

Emmett sanatembenuke.

"Ndinati akafika kwa iwe ukamumanga, ndiye uluza. Ukumva? Ndinamusiya dala." Mawu ake anasweka. "Nditukwane, Emmett. Bwanji sukunditukwana?"

Anayenda mapazi ena makumi awiri.

"Pa 53 anagona pamapazi panga," anatero Emmett chapansipansi. "Anagona kwenikweni. Mapazi onse anayi ndinawaona. Ndinati, Lorna ndi wamtima wofewa, akangoona izi amumanga." Anakweza nsalu ija imene inkatsika. "Ndinakwera njinga n'kupalasa pang'ono kuti adzuke."

Pa waya waminga Emmett anaponda wapansi n'kukweza wapakati, ndipo anamulowetsa galuyo mokwawa. Waya unang'amba mkono wa Lorna koma sanamve.

Pa thanki anapeza ng'ombe zakuda zitaunjikana, ndi pikapu yakale yobiriwira. Mayi wina wamfupi, waimvi, wovala chipewa chodyeka m'mphepete, ankatsitsa mibulu ya mchere wa ng'ombe. Dzina lake, monga anadzamva pambuyo pake, linali Mayi Vondra, ndipo malowo anali awo. Ataona zimene ananyamula, anaponya mchere pansi.

"Musamuponye m'madzimo, mumupha! Mugonekeni apa, pamthunzi wa galimoto. Iwe, tenga ndowa iyo. Thira pang'onopang'ono, pamimba ndi m'miyendo. Iwe, mukupize ndi chipewa ichi."

Anagwada, anatsegula pakamwa pa Boone, anayang'ana nkhama zake. Kenako anakweza phazi limodzi. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Ana inu, galuyu mwamukoka ndi galimoto?"

"Ayi, mayi," anatero Emmett. "Timapalasa njinga m'njira ya njanjiyo."

"Masana ano? Pa miyala imeneyo?" Anawayang'ana onse awiri. "Ndiye ankathamanga pambali panu?"

"Sitimayenda limodzi," anatero Lorna. "Uyu amakhala kutsogolo, ine kumbuyo. Timafuna tione kuti asankha ndani."

"Asankhe ndani?" Mayi Vondra anaseka, koma sikunali kuseka kwa munthu wokondwa. "Mwakulira pafamu inu, manja anu akuoneka. Uyu ndi galu wa ng'ombe. Sasankha. Akaona imodzi uku, ina uko, amathamanga mpaka zikumane. Zikapanda kukumana amathamangabe. Mwamupatsa ng'ombe ziwiri zopusa kuposa zonse m'chigawo chino, zokwera njinga."

Emmett anayang'ana pansi. Anasiya kuthira madzi.

"Thira, iwe, usaime. Zokwanira. Munyamuleni. Nonse kumbuyo, nsalu yonyowayo izikhala pansi pake, osamufunditsa. Dokotala ali mailosi makumi atatu kuchokera pano, ndipo ine ndimayendetsa moipa."

Sananame. Pikapu inkadumpha m'mabampu, fumbi likuwatsata. Lorna anaika mutu wa Boone pamiyendo yake. Panjira galuyo anasanza, ndipo m'masanziwo munali magazi. Kenako thupi lake linayamba kunjenjemera, miyendo ikupalasa m'malere ngati kuti akuthamangabe. Emmett anaigwira miyendoyo, akulankhula naye mawu omwe ankamuuza akamaliza kulowetsa ng'ombe m'khola: "Basi, mnyamata. Zakwana. Basi."

Chipatala cha ziweto chinali kanyumba ka malata kumapeto kwa tauni ina, pafupi ndi nkhokwe zazitali za chimanga. Dokotala Pelster, bambo wamtali wa magalasi, anamutenga Boone m'manja mwawo n'kutseka chitseko. Mayi Vondra anati ng'ombe zawo zikudikira mchere. Anamusisita Lorna paphewa kamodzi, mwamphamvu ngati akusisita kavalo, n'kumapita.

Anadikira maola awiri. M'chipindamo munali mabenchi awiri oyang'anizana, ndipo aliyense anakhala pa yake. Netiweki inali itabwerera. Mafoni awo ankalira ndi mauthenga a mayi ofunsa ngati ulendo ukukoma, koma panalibe amene anayankha.

Dzuwa litapendeka, dokotala anatuluka atanyamula pepala ndi cholembera.

"Akupuma," anatero. "Kutentha kwatsika. Zoti akhala moyo ndikuuzani pakatha masiku atatu, osati lero. Wathamanga mtunda wautali bwanji?"

"Dzulo mailosi makumi anayi," anatero Emmett. "Lero khumi ndi anayi."

"Amenewo ndi a njinga yako. Ndikufunsa a galu."

Lorna anayesa kuwerengera. Dzulo iye ndi Emmett ankatalikirana theka la mailo, ndipo Boone ankapita n'kubwera, kupita n'kubwera, tsiku lonse. Lero anatalikirana mailo imodzi, kenako atatu, kenako asanu. Nambala imene inkatuluka inali yaikulu moti anaopa kuitchula.

"Sitikudziwa," anatero.

"Inenso sindikudziwa. Koma mapazi ake akudziwa." Dokotala anavula magalasi n'kuwapukuta. "Mapaziwo apola, pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa. Impso ndiye sizibwerera mwakale. Akapulumuka, adzakhala galu wa pakhonde. Chakudya chapadera, mankhwala tsiku lililonse, kuyenda pang'ono m'mawa kukadali kozizira. Padzuwa ayi. Kuthamanga ayi. Ng'ombe asadzazionenso, chifukwa akaziona adzazitsata, ndipo ulendo umenewo sadzabwerako."

Anaika pepala lija patebulo. "Mwini wake ndani? Ndilembe dzina la ndani apa?"

Kunja galimoto yonyamula chimanga inadutsa, mawindo n'kunjenjemera.

"Lembani Emmett Hruska," anatero Lorna. "Ine ndisamuyandikirenso."

"Sizitheka," anatero Emmett. Mawu ake anali osasa. "Wamva zimene anena. Kumene ndikupita ine kuli ng'ombe mbali zonse. Ndizikachoka m'bandakucha, kubwera kutada. Ndikamutsekera m'chipinda? Akamva ng'ombe zikulira panja adzathyola chitseko."

"Ku Omaha kuli masitepe, Emmett. Makumi atatu ndi awiri. Ndinawawerenga."

"Uzikamunyamula."

"Kulibe udzu. Kulibe chilichonse."

"Kuli mthunzi." Emmett anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Anayesa kumwetulira koma pakamwa panakana. "Wapambana, chemwali."

Lorna anali atawayembekezera mawu amenewa milungu itatu. Anali atakonza ndi mmene adzavinire akadzawamva. Tsopano anabisa nkhope m'manja n'kulira, kulira kwenikweni, kwa mapewa, ngati mwana wamng'ono. Dokotala anadikira pang'ono, kenako anafunsa kalembedwe ka dzina la Hruska, ndipo Emmett anamutchulira chilembo chimodzi chimodzi.

Anawalola kulowa kwa mphindi zochepa. Boone anali m'khola la waya la pansi, atagona pa thawulo, mapazi onse anayi atakulungidwa mabandeji, kachubu ka diripi kakulowa m'mwendo umene anaumeta. Ankaoneka wamng'ono. Lorna anakhala pansi kumanzere kwa kholalo. Emmett anakhala kumanja, pafupi ndi khomo.

Boone anatsegula maso. Anayang'ana Lorna. Kenako, movutikira, anakoka mutu pa thawulo paja kuti aone Emmett. Anapuma kawiri, n'kuukokanso kubwerera kwa Lorna. Ulendo wachitatu anayesa kuponda pansi ndi phazi la bandeji kuti adzuke, ndipo kachubu kaja kanakokeka.

Lorna anakwawa ndi mawondo kudutsa kutsogolo kwa khola mpaka phewa lake linagunda la mchimwene wake. Emmett ankanunkha thukuta ndi masanzi a galu. Sanasunthe. Boone anawayang'ana onse awiri pamodzi, anatulutsa mpweya wautali, n'kutsitsa mutu.

"Galimoto ya bambo inyamuka liti?" anafunsa Lorna monong'ona.

"Loweruka la sabata yamawa."

Lorna anawerenga masikuwo pa zala. Anali asanu ndi anayi.

"Usasunthe," anatero Emmett. "Akugona."